Mphika wa Mayi Haugen

Brekke, North Dakota
17 Novembala 1996

Okondedwa Amayi,

Kwacha kozizira kwambiri lero. Chipale chagwa usiku wonse, ndipo m'mawa uno mphepo ikuchitola pabwalo n'kumachiwaza pazenera la kukhitchini ngati mchenga. Chimene chandidzutsa ndi thirakitala ya abambo ikukana kulira, kenako ng'ombe m'khola, kenako galimoto yokankha chipale ikudutsa kumsewu. Galu sanauwe n'komwe. Wangodzutsa mutu n'kugonanso.

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi aakulu a Rosanna, chiuno chija chikupola? Kuno tili bwino. Ndikulemba kalata chifukwa foni mukudziwa pamene ili, pakhoma la kukhitchini, ndipo mpando wa abambo uli pansi pake penipeni. Ndikamalankhula nanu amatambasula nyuzipepala, koma tsamba satembenuza.

Azimayi a kutchalitchi ayamba kubweretsa chakudya. Mutangochoka sikunabwere aliyense, poti onse ankadziwa kuti mwapita kukadwazika mkulu wanu. Koma sabata ino zafika mbale zingapo, iliyonse ili ndi tepi ya dzina la mwini wake kunsi kwake. Zoterezi ndinaziona komaliza pa maliro a agogo. Kuno sikunafe munthu, ndiye sindikudziwa chimene iwo amva chomwe ine sindinamve.

Mayi Haugen, aja amuna awo anamwalira chaka chatha, sanabweretse mbale. Abweretsa mphika wawo wamagetsi wonse, nyama ili momwemo. Abambo anawatsegulira chitseko.

"Bambo a Arlen, sabata ino mwadya chiyani?"

"Tikudya."

"Ndafunsa kuti chiyani."

"Zakudya."

Mayiwo anangowadutsa n'kukaika mphikawo pambali pa sitovu, pamene pamakhala wanu, chifukwa malowo anali opanda kanthu. Nyama yawo ndi yothira supu wa bowa wa m'chitini, monga amachitira onse. Ndi yabwino. Imakoma ngati ya pamaliro.

Wanu uja ndinaona kuti kulibe tsiku lomwe munachoka. Ndinatsegulanso kabati, botolo la viniga wakuda nalonso kulibe. Kodi munthu wopita kukadwazika m'bale wake kwa milungu yochepa amanyamula mphika wamagetsi? Sindikufunsa mwachipongwe. Ndikungofuna kudziwa ngati mubwera.

Ndine mwana wanu,
Arlen

Hibbing, Minnesota
25 Novembala

Mwana wanga Arlen,

Kalata yako ndaiwerenga ndili chiimire pakhomo, jekete ndisanavule. Ndili bwino. Rosanna wayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo amaitukwana m'Chitaliyana monga ankachitira bambo athu ndi galimoto yawo. Chipewa ukuvala? Ndikudziwa kuti umachibisa m'thumba basi ya sukulu ikaonekera.

Mbalezo uzitsuke, uwerenge dzina, ubweze iliyonse kwa mwini wake. Koma usabweze yopanda kanthu. Ikamo mazira, kapena mabisiketi ogula, chilichonse. Kumeneko mbale ikabwerera yopanda kanthu, sanena mawu, koma amasunga mumtima kuti m'nyumbamo mulibe munthu woleredwa. Ndinaphunzira zimenezi mochedwa, iwe usachedwe nazo.

Wafunsa za mphika. Ndinaunyamula chifukwa ndi wanga. Anandipatsa Rosanna pa ukwati, ndipo m'khitchini imeneyo ndi chinthu chokhacho chimene sichinali cha agogo ako.

Wakula, ndiye ndikuuze pang'ono. Pa chakudya chilichonse cha kutchalitchi ndinkapititsa nyama yanga. Anthu ankatenga kachidutswa, n'kunena kuti, "Ndi yachilendo ndithu," ndipo mphika unkabwerera kunyumba uli wodzaza. Abambo ako ankaunyamula kukauika m'galimoto osatsegula pakamwa. Chaka ndi chaka, chimodzimodzi. Sindinkafuna kuti andiyamikire. Ndinkangofuna anene kanthu, ngakhale kuti yawawasa. Si nkhani ya nyama yokha, koma ukamvetsa ya nyamayo, zinazo wamvetsa.

Za kubwera ndidzakuuza ndikadziwa. Sindikufuna kukunamiza, n'chifukwa chake sindikutchula tsiku.

Verna Haugen ndiye sanachedwe.

Amayi ako

Brekke
8 Disembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mukupeza bwino pamodzi ndi amayi aakulu. Chipewa ndikuvala mpaka pageti.

Mbale zonse ndabweza ndi mazira. Mayi Lindgren anawerenga mazirawo ndi maso n'kunena kuti mwandilera bwino. Ndinati ndikuuzani.

Lero mapemphero atatha ndimasanja mipando m'chipinda chapansi, ndipo azimayi ankatsuka makapu kuseri kwa chitseko. Anthu amaiwala kuti ndilipo, sindidziwa chifukwa chake.

"Wabwerako uja?"

"Abwere kudzatani? Anthu a kumigodi ya ku Hibbing aja kuno sazolowera."

"Mwanayo ndiye akumvetsa chisoni."

"Aa, Verna akuwasamala. Mphika wake ukadali komweko."

"Verna amasamala aliyense, mnzanga, ngakhale wosapempha."

Anaseka, kenako anandiona. Anandipatsa keke yaikulu kuposa ya abusa.

Ndiye ndamvetsa tsopano. Mphikawo ukakhala m'khitchini mwathu, anthu amauwerenga ngati chikwangwani. Abambo sakuona zimenezi, kapena akuona koma mwachizolowezi chawo. Amangouzungulira akamatenga khofi.

Ndili ndi pempho. Munditumizire viniga wakuda uja, wa balsamiki, ndipo mundilembere kaphikidwe ka nyama yanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kusitolo kuno ali ndi woyera yekha. Nditafunsa wakuda, mwini sitolo anati viniga akada ndiye kuti wawonongeka. Mayi Haugen ati abwera Loweruka kudzandisonyeza mmene mphika wawo umagwirira ntchito. Ndili ndi cholinga, koma ndidzakuuzani chikatheka.

Ndine mwana wanu,
Arlen

Hibbing
16 Disembala

Arlen,

Ndili bwino. Magolovesi ali m'phukusimu ndi ako a Khrisimasi, akuluwo ndi a abambo ako.

Viniga sinditumiza. Kaphikidwe kameneko ndi ka amayi anga, ndipo sindikapereka kuti Verna Haugen akaphikire m'khitchini yanga. Ngati abambo ako akufuna nyama yanga yophikidwa ndi manja ena, andilembere okha, asatume mwana.

Iwe sindinakukwiyire.

Amayi ako

Brekke
12 Januwale 1997

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Phukusi lanu lafika dzulo. Msewu wathu unatsekeka ndi chipale, ndipo utatseguka tinapeza kuti galimoto yokankha chipale yakwirira bokosi la makalata, moti za ife zonse zinkasungidwa kupositi osatiuza. Tsopano ndadziwa chifukwa chake pa Khrisimasi munangondifunsa za sukulu pa foni n'kukana kulankhula ndi abambo. Ine ndimayesa mwatopa.

Simunandimvetse, ndipo ndinalemba molakwika ndine. Palibe anandituma. Abambo sadziwa n'komwe kuti ndinapempha viniga. Ndikufuna kubweza mphika wa Mayi Haugen, uchoke m'nyumba muno. Koma mphika waukulu chonchi, umene unabwera ndi nyama, sungabwerere ndi mazira. Ndikufuna ubwerere ndi nyama, ndipo ikhale yanu, kuti akautsegula adziwe kuti nyumba ino ikadali ndi mwini wake. Cholinga chinali chimenecho basi.

Mayi Haugen anabweradi Loweruka lija. Anandisonyeza batani, lomwe ndi limodzi lokha, anamwa khofi ali chiimire, n'kupita. Abambo atangomva galimoto yawo anathawira kukhola, ndipo anabwerako makutu atafiira ndi chisanu.

Nditaona kuti simukuyankha ndinayesa ndekha. Ndinatenga nyama mufiriji, ya ng'ombe yathu ija, ndinathira viniga woyera ndi madzi ambiri. Ndinkatsegula pafupipafupi kuti ndione ngati ikupsa. Pofika madzulo inali yotuwa, yolimba ngati lamba, ikusambira. Abambo anadya mbale yonse, kenako anaika foloko pansi.

"Yawawasa."

"Ndikudziwa."

"Si ya amayi ako."

"Ya amayi inali bwanji?"

Anayang'ana mphikawo.

"Kutchalitchi kuja, ndinkasangalala akapanda kuidya. Inkabwera yonse kunyumba. Ndinkadya sabata yathunthu."

"Munawauzapo?"

"Amadziwa."

"Sadziwa, ababa."

Anaimirira n'kukaona ng'ombe zomwe anali ataziona kale.

Sindinawonjezere mawu alionse. Ndalemba monga ananenera. Viniga ndikupemphabe.

Ndine mwana wanu,
Arlen

Hibbing
24 Januwale

Iwe Arlen,

Ndine Rosanna. Uli bwanji, mphaka wanga wachete? Ine ndikuyenda, ndodo ndaiponya kuseri kwa chitseko. Amayi ako atawerenga kalata yako anatuluka kukakolopa chipale pamalo pomwe anali atakolopa kale. Atalowa anati mawu ofika kudzera mwa mwana ndi theka la mawu. Cholembera akana kugwira, ndiye ndikulemba ndine. Botolo ndalikulunga m'masokosi. Akudziwa kuti ndatumiza, akungonamizira kusaona.

Tamvera tsono. Tenga nyama ya paphewa, yokhala ndi mizere ya mafuta. Isungunuke bwino, uipukute iume, uipake mchere ndi tsabola wakuda. Tenthetsa chiwaya ndi mafuta pang'ono, uiike, uisiye. Usaigwedeze. Ikade mbali imodzi mpaka uchite mantha, ndiye utembenuze. Anthu a kwanuko amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake nyama yawo imaoneka ngati yadwala.

Ukaichotsa, kazinga anyezi ambiri m'chiwaya chomwecho, ndi adyo. Kenako thira viniga theka la kapu. Fungo likubaya m'mphuno, misozi ituluka, usathawe. Pala zonse zomatirira pansi ndi supuni yamtengo, kukoma kuli pamenepo. Onjeza supuni imodzi ya shuga wofiirira ndi msuzi wa nyama pang'ono. Ndati pang'ono. Nyama ili ndi madzi ake, si bakha.

Karoti ndi mbatatesi pansi pa mphika, nyama pamwamba, za m'chiwaya pamwamba pa zonse. Vundikira, ika pa moto wochepa, uchokepo. Usiku wonse kapena tsiku lonse. Chivundikirocho usachikhudze. Ukatsegula kamodzi wathawitsa nthunzi, ndipo wabweza ntchito m'mbuyo. Ndikukudziwa iwe, umakonda kusuzumira chilichonse. Apa ndiye phunzira kudikira osaona. Kuwawasa konse kuja kumasanduka kutsekemera, koma kumachita zimenezi kukakhala kokha.

Abambo akowo uwauze kuti msewu wa ku Hibbing sunasamuke. Kapena usawauze. Si ntchito yako, mwana iwe, kunyamula akuluakulu awiri.

Amayi ako aakulu,
Rosanna

Brekke
8 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikulemba mothamanga, chifukwa kalatayi siidzera kupositi. Ikubwera ndi abambo.

Ndinaika nyama dzulo madzulo kuti ndikapereke kwa Mayi Haugen lero masana. Ndinachita zonse monga analembera amayi aakulu. Viniga atagwera m'chiwaya ndinalira ngati ndamenyedwa, galu anatuluka. Chivundikiro sindinachikhudze. Ndinaikapo buku la masamu kuti ndisaiwale.

M'mawa uno fungo lafika mpaka kuchipinda kwanga. Ndinagona kanthawi osatsegula maso, chifukwa nyumba imanunkhira ngati muli pansi. Abambo atalowa kuchokera kukhola anaima pakhomo chipewa chili m'manja, chitseko osatseka, chisanu chikulowa.

"Wabwera?"

"Ayi, ababa. Ndaphika ndine."

Anatseka chitseko. Ndinatsegula mphika. Nyama yada bwino, msuzi wake ndi wonyezimira, ndipo foloko itangoikhudza inagawanika yokha. Analawa. Analawanso.

"Ikupita kuti?"

"Kwa Mayi Haugen. Ndikubweza mphika wawo."

"Verna adikire. Kanditengere matawulo akale ndi chingwe."

Panopa akumanga chivundikiro ndi chingwe, ndipo akuti mphikawo ukhala pansi, kutsogolo kwa mpando, pafupi ndi potulukira mpweya wotentha. Avala malaya a Lamlungu ndi magolovesi amene munatumiza.

Chimodzi ndikuchenjezeni kuti musakwiye. Mphikawo ndi wa Mayi Haugen, poti tilibe wina. Ndinawauza kuti tichotse tepi ya dzina, chifukwa inali itayamba kale kumatuka. Anakana. Atenga tepi yatsopano yoonekera mkati n'kumata pamwamba pa yakaleyo, akusindikiza ndi chala chachikulu kuti dzina lioneke bwino. Ndawauza kuti mukaona mupsa mtima. Ati, "Mwina." Sindikuwamvetsa. Chonde muyambe mwadya musanautembenuze.

Ndine mwana wanu,
Arlen

Pathebulo la kukhitchini, tsiku lomwelo

Arlen,

Udzu kawiri pa tsiku. Uswe madzi oundana pomwera ng'ombe usanapite kusukulu. Yofiira ija yatsala pang'ono kubereka, ukaona zachilendo uitane a Lindgren. Ndawauza kale.

Nyama ija waphika bwino. Ndanena.

Bambo ako

Hibbing
10 Febuluwale

Mphaka wanga,

Uli bwanji ndi ng'ombe zako? Kalatayi ndaiika m'chikwama cha amayi ako, ndiye ukamaiwerenga wadziwa kale zambiri. Koma mmene zinayendera sakuuza awiriwo, ndipo iwe ndiwe unaphika, uyenera kumva.

Loweruka masana ndimva kugogoda. Nditsegula, abambo ako ali chiimire, atafungata mtolo wa matawulo.

"Alamu, mwana ameneyu ndi wa ndani?"

"Ndi nyama."

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzapereka nyama?"

"Ikufunika kutenthetsa."

Amayi ako anatuluka kuchipinda, anawayang'ana, anayang'ana mtolo, n'kuwalozera pa soketi. Kalata yako anaiika m'thumba, anati awerenga madzulo. Tinakhala pathebulo ngati tili kwa dokotala. Carmela, amayi akowo, analawa.

"Shuga wachuluka pang'ono."

"Waphika mwana."

"Ndikudziwa. Inu simudziwa ndi pamene pamakhala masupuni."

Koma anatenganso, ndipo maso ake ndinawaona. Kenako abambo ako analankhula akuyang'ana mbale.

"Kutchalitchi kuja ndinkapemphera kuti asaidye."

"Mwati chiyani?"

"Ndinkafuna ibwere yonse kunyumba."

"Zaka zonsezi, Orrin, pakamwa panu panali pati?"

"Panali podzaza."

Ine ndinaseka mpaka chiuno chinandikumbutsa. Amayi ako sanaseke, koma anawawonjezera mbatatesi. Ndinapita kwa aneba kukabwereka chinthu chomwe sindinkachifuna, ndipo ndinakhalitsako.

Nditabwera ndinapeza mphika watsukidwa, watembenuzidwa, tepi ikuwala.

"Mwandibweretsera chakudya mumphika wa mkazi wina?"

"Wathu unachoka."

"Ndiye ubwerera bwanji kwa mwini wake?"

"Ndikapereka ine."

"Muli chiyani?"

"Ndilibe choikamo."

"Kuti Brekke yense azinena kuti mphika wa Verna unafika m'manja mwa Carmela n'kubwerera wopanda kanthu? Muli ndi misala? Rosanna, kubutchala atseka nthawi yanji?"

Abambo ako ankayang'ana panja pazenera ngati kukudutsa zionetsero. Panja panalibe ngakhale galu.

Tsono tamvera. Amayi ako akuti akungopita kukabweza mphika, chifukwa zoterezi sapatsira mwamuna. Wawo ausiya kuno, pamodzi ndi chikwama china. Usawafunse kanthu. Za shuga usadandaule, nanenso ndimachulukitsa.

Rosanna

Brekke
16 Febuluwale

Okondedwa amayi aakulu,

Zikomo chifukwa cha kalata ndi viniga. Ndikhulupirira chiuno chakukhululukirani. Yofiira yabereka kamphongo, ndinathandizana ndi a Lindgren.

Nditawerenga kalata yanu ndinamvetsa za tepi ija, kuti inali nyambo. Ndinayang'ana abambo, iwo anatambasula nyuzipepala. Sindinawafunse.

Lolemba nditatsika basi ya sukulu ndinapeza galimoto pabwalo, injini ikulira. Amayi anali m'khitchini, jekete osavula. Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, anati ndatalika ndipo ndikufunika kumeta. Kenako anatsitsa mbale yabuluu m'kabati, anaikamo buledi amene anaphika kwanuko, anadula tepi, analembapo, n'kumata kunsi. Anandiuza kuti ndinyamule mphika, poti ndinayambitsa ndine. Abambo anatiperekeza koma anatsala m'galimoto.

Mayi Haugen anatsegula chitseko n'kuvala magalasi.

"Carmela. Ndiye mwabwera."

"Ndabweretsa mphika wanu."

"Ine ndimayesa wasamukira ku Minnesota. Miyezi yonseyi ndikuphikira mu wa mlamu wanga, wong'aluka chivundikiro."

"Zikomo powadyetsa anthu angawa."

"Wamng'onoyu amadya. Wamkuluyo amathawa."

Anamasula chingwe, anatenga foloko, analawa ali chiimire.

"Ikuwawasira."

"Ndi mmene imakhalira."

"Sindinati ndi yoipa."

Anatenganso chidutswa china, chachikulu. Kenako amayi anawapatsa mbale ya buledi. Mayi Haugen anaikweza n'kusuzumira kunsi, monga amachitira azimayi onse kuno. Ine ndinali nditawerenga kale m'galimoto. Palembedwa kuti C. Rustad, dzina lathu.

"Iyi ndibweza sabata ya mawa. Ndimupatse mnyamatayu?"

Amayi anakonza mpango pakhosi. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

"Mbale yanga ndimalandira ndekha."

"Chabwino. Koma ine ndimachedwa kubweza."

"Musathamange."

Lero kutchalitchi azimayi anawapatsa moni ngati anawaona dzulo. Keke yanga yabwerera kukhala yaing'ono. Kunyumba sikuti zonse zasintha. Abambo akadali achete, koma dzulo pa chakudya anati mchere wachepa, ndipo amayi anawayankha kuti manja ali nawo. Chivundikiro sindikuchikhudza.

Tsono ndikudziwitseni za ofika. Abwera abambo. Abwera amayi, ndi chikwama chimodzi mwa ziwiri zija, ndi botolo lawo la viniga, limene laikidwa m'kabati pambali pa lomwe munatumiza. Mphika wa Mayi Haugen uli kwawo. Wa amayi ukadali kwanu. Musautumize mpaka atanena okha. Malo ake pambali pa sitovu ndapukuta, ndipo sindinaikepo kanthu.

Ndine mwana wanu,
Arlen